WiFi pakhomo: mverani wailesi, samalani makutu

Ku Mchesi masiku ano sizachilendo kumva Zodiak kapena MBC ikulira pafoni. Mabanja ena agula kachipangizo ka MiFi ku Airtel kapena TNM, pomwe ena amangoyatsa hotspot pafoni imodzi kuti onse alumikize. Makolo ambiri amandifunsa kuchipatala ngati mafunde amenewa angadwalitse ana.

WiFi imayenda pa mafunde a mtundu wa wailesi koma ofooka. Mu 2006, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidati palibe umboni wokhutiritsa woti mafunde oterewa amawononga thanzi.

Poika kachipangizoka, sankhani malo okwera pakati pa nyumba. Malata, zitseko zachitsulo ndi makoma a njerwa zimafooketsa mafunde, nchifukwa chake mawu amadukaduka kuchipinda. Ngati kali ndi 2.4 GHz ndi 5 GHz, sankhani 2.4 GHz chifukwa imadutsa bwino makoma. Sinthani password yomwe kadabwera nayo, apo ayi bandulo yanu ithera kwa aneba. Wailesi youlutsa pa 64 kbps imadya pafupifupi 29 MB pa ola, pomwe ya 128 kbps imadya kawiri.

Choopsa chenicheni ndi phokoso. Mkati mwa khutu muli timaselo tokhala ngati tsitsi tomwe timalandira mawu. Tikafa ndi phokoso sitimeranso. WHO ikuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pachiopsezo chogontha kaamba komvera mokweza. Wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata pa mlingo wa madesibelo 80, ndipo kwa mwana mlingowo ndi 75. Pa madesibelo 90, nthawiyo imatsika kufika maola 4 okha.

Choncho lumikizani foni ku sipika yapabalaza m'malo mwa zomvera zoika m'makutu, kuti nanunso muzimva mmene mwana wakwezera. Akavala zomverazo, voliyumu isapitirire 60 pa 100 ndipo azipumitsa makutu. Ngati mukumuitana muli pafupi iye osamva, wakweza kwambiri.

Inu odzipereka pa zaumoyo, poyendera makomo funsani ngati mwana akumva kulira m'khutu, akupempha kuti mubwereze mawu, kapena wayamba kutsalira m'kalasi. Wotere atumizidwe kuchipatala msanga. Muno mu Lilongwe, ku ABC Hearing Clinic ku Area 47 amayeza kamvedwe ka makutu.