Kodi Ulemu Tingauyeze ndi Cholembera?

Kuchonga masamu sikuvuta: yankho likakhoza lakhoza, kaya mwanayo ali ku Dedza kaya ku London. Koma nanga ulemu, kapena kugwirizana ndi anzako, tingaziike pa sikelo yotani? Funsoli si lamasewera, pakuti bungwe la MANEB limayesa ana athu phunziro la Life Skills, ndipo malikisi ake amalowa pa satifiketi.

Taonani pogona vuto. Ku Mangalande, mwana woyang'ana mkulu m'maso polankhula amamuyesa wokhulupirika. Kwathu kuno wotero timati ngwamwano, pakuti woleredwa bwino amazolika, nalandira chinthu ndi manja awiri. Tsono muyezo wosulidwa kutsidya ukafika kuno, mwana angalephere chifukwa cha khalidwe lomwelo limene makolo ake amalinyadira.

Anzathu a ku Kenya, Tanzania ndi Uganda anauzindikira msampha umenewu. Pa ntchito yotchedwa ALiVE, iwo sanathamangire kulemba mafunso. Anayamba afunsa makolo, aphunzitsi ndi achinyamata eni ake chimene ulemu utanthauza kwao. Kenaka, m'chaka cha 2022, anayenda khomo ndi khomo nayesa ana oposa 45,000 a zaka 13 mpaka 17, apasukulu ndi osiya sukulu omwe. Anaona zinthu 4: kuthetsa mavuto, kugwirizana, kudzidziwa wekha ndi ulemu. M'malo mofunsa tanthauzo la mau, ankasimbira mwana vuto longa la tsiku ndi tsiku kuti amve m'mene angalithetsere. Pofuna kuona kugwirizana, ankaika ana m'magulu, nawapatsa ntchito, iwo n'kumapenyetsetsa.

Phunziro lake kwa ife nali: khalidwe limayezedwa pakati pa eni ake, ndiponso pa zochita. Mwana angathe kuloweza mfundo zonse za ulemu, nakhoza bwino pa pepala, madzulo ake n'kukatukwana agogo ake. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Aphunzitsi anzanga, tisakhutire ndi malikisi. Tipenye amene amagawira mnzake buku, amene amapepesa akalakwa, amene amatsuka ndowa popanda womuuza. Ndipo inu amene mwatsiriza sukulu, dziwani kuti pofunsira ntchito adzawerenga satifiketi yanu tsiku limodzi lokha, koma khalidwe lanu adzaliwerenga tsiku lililonse.