Mbaula ya malimu: mpamba wochepa, koma sankhani chitsulo mosamala

Amene mumagulitsa tchipisi, kanyenya kapena mandasi mukudziwa mmene mbaula za malata opyapyala zimathera msanga. Moto wa tsiku ndi tsiku umaboola pansi pake, ndipo ndalama yomwe ikanapita ku mpamba imathera kugula mbaula ina. Njira yotchipa ndi kupanga yanu kuchokera ku malimu akutha a galimoto. Chitsulo chake n'chochindikala ndipo chimapirira moto.

Malimu otere amapezeka kwa ogulitsa zitsulo zakale, monga ku Ndirande mumzinda wa Blantyre ndi ku Mchesi ku Lilongwe, komanso m'magalaja. Popita kukagula tengani maginito. Limu lachitsulo limagwira maginito, pomwe la aluminiyamu siligwira. La aluminiyamulo lisiyeni chifukwa limafewa ndi moto wa makala, komanso makina wamba owotcherera sangalilumikize. Ngati akugulitsa pa kilo, onani nokha pa sikelo. Dzimbiri la pamwamba si vuto, koma limu long'ambika musagule.

Pamafunika malimu awiri ofanana kukula, monga a mainchesi 14, ndi zidutswa za zitsulo zomangira nyumba, zija za Y12. Pa limu lapansi dulani khomo ndi galayindala, loti mpweya uzilowera komanso muzichotsera phulusa. Ikani limu linalo pamwamba pake, mbali yakuya iyang'ane kumwamba, n'kuwotcherera awiriwo pamodzi. Mabowo a limu lapamwambali ndi amene amagwetsa phulusa. Bowo lalikulu lapakati litchingeni ndi tizitsulo kuti makala asamagwe. Kenako wotchererani miyendo itatu, zogwirira ziwiri ndi tizitsulo titatu tokhazikapo poto kapena chiwaya. Miyendo itatu sigwedezeka ngakhale pamalo osasalala a pamsika.

Ngati mulibe makina, konzekerani zonse kunyumba: kuyeza, kulemba ndi choko, kupala dzimbiri. Kwa wowotcherera mukalipira kulumikiza kokha, ndipo mugwirizane mtengo ntchito isanayambe.

Pali zinthu zitatu zoopsa. Choyamba, musadule kapena kuwotcherera limu lomwe lidakali ndi tayala, chifukwa kutentha kungaliphulitse. N'chimodzimodzinso mgolo womwe munali petulo kapena mankhwala. Chachiwiri, malata ndi mapaipi okutidwa ndi zinki amatulutsa utsi wodwalitsa akawotchedwa, choncho asayandikire moto wophikira. Mbaula yatsopano muyambe mwaisonkha moto panja yopanda chakudya mpaka penti yense atapsa. Chachitatu, funsani komwe chitsulo chachokera. Zitsulo za mapolo a ESCOM, za njanji ndi zivundikiro za ngalande za m'misewu nthawi zambiri zimakhala zakuba, ndipo kulandira katundu wakuba ndi mlandu. Mtengo ukatsika modabwitsa, chokanipo.

Amene mukufuna kupanga zogulitsa, lembani zonse m'kope: malimu, ma rodi owotcherera, disiki yodulira, mayunitsi a magetsi, thiransipoti ndi nthawi yanu. Ambiri amawerengera chitsulo chokha n'kuiwala ma rodi ndi magetsi, kenako n'kudabwa kuti katundu watha koma ndalama sizikuoneka. Yambani ndi mbaula imodzi, muigwiritse ntchito pa geni yanu kwa sabata ziwiri. Anzanu apamsika akaiona ikuyaka, oda yoyamba ichokera komweko.