Dzina la Aberfoyle ndi Mabuku a ku Scotland

Ku Honde Valley, m'dziko la Zimbabwe, kuli munda wa tiyi wotchedwa Aberfoyle. Dzinali ndi la mudzi wina wa ku Scotland, umene Walter Scott anautchukitsa m'buku lake la Rob Roy la mu 1817.

Mu 1971, Yunivesite ya Glasgow inakhazikitsa nthambi yapadera yophunzitsa mabuku a dzikolo. Chimene chimavutitsa aphunzitsi n'chakuti zolembazo zili m'zinenero zitatu: Chingelezi, Scots ndi Gaelic. Wophunzira wodziwa Chingelezi chokha amapunthwa pa ndakatulo zambiri za Robert Burns, zomwe zili mu Scots. Koma za Sorley MacLean, yemwe ankalemba mu Gaelic, amangoziwerenga zitamasuliridwa, osamva kukoma kwa kamvekedwe kake.