Maboma Athu: Mulanje, kwawo kwa tiyi koma nsima yake ndi ya ku Milange

Mlendo akafika pa Chitakale sangaganize kuti boma lino limadziwa njala. Minda ya tiyi yabiriwira mpaka m'tsinde mwa phiri la Mulanje, mitsinje ikuyenda chaka chonse, ndipo nsonga ya Sapitwa yatalika mamita 3,002 kumwambako. Tiyi anayamba kulimidwa kuno mu 1891, pomwe Henry Brown anabzala mbewu zake pa esiteti ya Thornwood. Lero minda ikuluikulu ili m'manja mwa makampani monga Lujeri ndi Eastern Produce, ndipo tiyi wambiri amagulitsidwa kunja kwa dziko.

Koma tiyi sakhutitsa mwana. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 680,000 m'boma la Mulanje, pomwe gawo lalikulu la nthaka yachonde lili m'maesiteti. Banja wamba limatsala ndi kamunda kochepa, momwe limaphatikiza chimanga, nandolo, chinangwa ndi mbatata. M'makomo ambiri chimanga chimatha dzinja lisanafike, ndiye ndalama yothyolera tiyi, ya ganyu kapena yogulitsira nanazi imathera kumsika.

Chimanga cha kumsikako chimachokera kuti? Yankho lili kum'mawa, pa chipata cha Muloza ndi msika wa Limbuli. Tsidya linalo kuli Milange, m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, komwe malo olima ndi ambiri koma mzinda wa Quelimane uli kutali. Msika wapafupi wa mlimi wa ku Milange ndi Malawi. Nthawi yokolola anyamata a njinga amaoloka ndi matumba awiri kapena atatu pa njinga imodzi, ena akuchita kukankha chifukwa cha kulemera. Mavenda amagula, kuunjika, n'kukweza malole opita ku Limbe ndi maboma ena akummwera. Bungwe la FEWS NET lakhala likuwerengera malonda otere kuyambira 2004, ndipo Muloza wakhala m'gulu la zipata zolowetsa chimanga chochuluka.

Malondawa ali ndi mizu. Alomwe ambiri a ku Mulanje makolo awo anachokera tsidya lomwelo, chibale chidakalipo, ndipo kwacha yakhala ikulandiridwa m'misika ya ku Milange kwa zaka zambiri.

Vuto ndi lakuti nkhokwe ya mnzako ilibe lonjezo. Namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, anatulukira kufupi ndi Quelimane n'kusakaza minda mbali zonse ziwiri za malire, kugumula misewu ndi milatho ya kudera la Muloza. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo wogula wa kuno anafunika makwacha ochuluka kuti apeze thumba lomwe lija. Kenaka chilala cha El Niño cha 2024 chinachepetsa zokolola m'maiko onse awiri. Wothyola tiyi, yemwe malipiro ake sakwera mothamanga ngati mitengo, ndiye anamva kuwawa kwenikweni.

N'zodandaulitsa kuti anyamata a njingawa kawirikawiri amatengedwa ngati ozembetsa katundu, chonsecho ndiwo akudyetsa boma lonse. Chomwe Muloza akufunika ndi msewu wolimba, masikelo osabera, mashedi osungiramo chimanga, komanso mgwirizano wa maiko awiriwa woti chipata chisatsekedwe chaka cha njala.