Tulo Si Ulesi, Ndi Fuwa Lachitatu la Thanzi Lanu

Mayi, kodi usiku wathawu mwagona maola angati? Kuno ku Mchinji ambiri mumadzuka tambala woyamba, ena kupita ku munda wa mtedza, ena kuthamangira ku Mwami kuti mukaode katundu ku Chipata. Pogona ndinu omalizira. Mukafika pamphasa tulo osabwera, mutu uli pa fizi ya ana ndi ngongole ya banki m'khonde.

Vutoli si lanu nokha, ndiponso si la lero. Ku India kuli nzeru zamakolo zochizira matenda zotchedwa Ayurveda. Buku lawo lina, Charaka Samhita, lolembedwa zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, limati moyo umaima pa mizati itatu: chakudya, tulo ndi kudziletsa. Ife tingati ndi mafuwa atatu. Mukachotsa limodzi, mphika umagwa. Kwa wosowa tulo, asing'anga akumeneko ankalangiza kusamba, kumwa mkaka, kusisita mutu ndi thupi ndi mafuta, komanso kukhazika mtima pansi.

Madokotala a lero akugwirizana nazo kuti tulo ndi lofunika. Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7. Kusagona mokwanira kwa nthawi yaitali kumawonjezera chiopsezo cha BP ndi shuga, kumabweretsa kuiwalaiwala ndi kupsa mtima msanga.

Nanga mungatani? Gonani ndi kudzuka nthawi yofanana tsiku lililonse. Tiyi ndi khofi musamwe madzulo. Foni ikhale patali, neti ikhale yokunga. Nkhawa zanu zituleni m'pemphero la usiku, zina mukambirane ndi amayi anzanu ku mphakati. Ntchito zamadzulo gawanani ndi bambo ndi ana.

Koma ngati tulo lakhala likusowa masiku 3 pa sabata kwa miyezi 3, pitani kuchipatala, kaya ku Ludzi, Guilleme, Kapiri kapena pa boma. Kukodza pafupipafupi usiku, kutentha thupi pa msinkhu wosiya kusamba ndiponso chisoni chosatha zimafunika dokotala. Mapiritsi ogonetsa musagule pamsika, chifukwa thupi limawazolowera. Zitsamba nazo musamwe osafunsa, makamaka muli oyembekezera.

Kumbukirani kuti Ambuye Yesu atatopa anagona m'ngalawa, namondwe ali mkati. Inunso mukagwira ntchito, musachite manyazi kupuma.