SOFA YAPULUMUKA, PUSI WALEMALA

Mwagula sofa yatsopano, mwina pa nkhongole, mukali kulipila pang'ono-pang'ono mwezi na mwezi. Papita cabe mawiki atatu, pa kona pake ulusi wayamba kulendewela, siponji nayo isuzumila panja. Wolakwa simufunika kumusakila kutali. Wagona pamenepo pa khushoni, anyambita phazi monga palibe cimene cacitika. Ndiye wina pa Facebook, olo m'bululu wanu wa ku America, akuuzani ati: "Ah, ivo ni vosavuta. Kuno timangomucotsa zikhadabo, basi."

Musanayambe kufunsa-funsa dokota wa ziweto amene angacite zimenezo, mvelani coyamba zimene opaleshoni iyi imacita. Pa Cizungu amaicha declawing, dzina lomveka monga kuwenga zikhadabo ku saluni. Koma si kuwenga iyayi. Ni kudula zala.

Cikhadabo ca pusi cimamela kucokela m'fupa lothela la cala. Mukacizula cokha, cimamelanso. Conco kuti cisabwelele, dokota amadula fupa lonse limenelo, pamodzi na minyewa na mitsempha yake. Yang'anani dzanja lanu manje. Mwaiona mfundo ija ili pafupi na cikhadabo, pamene cala cimapindika komaliza? Pamenepo ndiye podula. Pusi ali na zala 18, zisanu ku phazi lililonse lakutsogolo, zinayi ku lililonse lakumbuyo. Kambili amadula za kutsogolo, kutanthauza zala 10 pa tsiku limodzi. Ena amasewenzetsa mpeni wa opaleshoni, ena cida copana monga nail cutter ikulu, ena laser. Mukamvela laser mungaganize kuti ni za pamwamba, ndipo n'zoona kuti magazi amacoka ocepa, koma fupa limapita cimodzimodzi.

Cina cimene anthu ambili sadziwa n'cakuti pusi sayenda monga ise. Imwe mumaponda na phazi lonse mpaka cidendene. Pusi amayendela pa zala. Akauka ku mankhwala ogoneka, afunika kuimilila pa zilonda zimenezo, kuyendelapo, kulumphilapo, kufukulila mcenga. Alibe wheelchair, alibe ndodo. Amayamba kuponda mopewa ululu, thupi n'kupendekela kumbuyo, ndipo kayendedwe kameneko kamapweteka mfundo na msana m'kupita kwa zaka.

Izi si nkhani za pa minibasi. Mu 2017, magazini ya madokota a ziweto yochedwa Journal of Feline Medicine and Surgery inafalitsa kafukufuku wa dokota Nicole Martell-Moran na anzake. Anapima apusi 274: odulidwa zala 137, na ena 137 amene anali na zala zawo zonse. Pa odulidwawo, 63 pelesenti anapezeka pa X-ray kuti anatsala na tuzidutswa twa fupa m'mapazi. Ganizilani kamwala kakang'ono mu nsapato, kamene simungacotse moyo wanu wonse, cifukwa kali mkati mwa phazi. Nthawi zina pa kacidutswa kameneko pamamela cikhadabo copindika mkati mwa mnofu, n'kuyamba kutupa na kucita mafinya patapita miyezi olo zaka.

Kafukufuku ameneyo anapezanso kuti ngozi ya kuwawa msana inali yowilikiza pafupifupi katatu kwa odulidwa zala. Ya kunyambita na kuzula ubweya wawo mpaka kucita cipala inali katatu. Ya kuluma inapitilila kanayi. Ndipo ya kukodza na kucita cimbudzi pamalo olakwika inali yowilikiza ka 7.

Tiyeni tiimeko pa ziwili zothelazi, cifukwa ndiye zimene zidzakukhudzani imwe mwini nyumba.

Mcenga wa m'bokosi lake umalasa pa zala zodulidwa. Pusi si wopusa: akaona kuti bokosi limamupweteka, amasakila pofewa. Pofewa m'nyumba mwanu ni pati? Pa kapeti, pa bedi, pa zovala zimene mwacapa, na pa sofa yomwe ija munafuna kupulumutsa. Amene anamvelako fungo la mkodzo wa pusi mu siponji adziwa kuti olo mucape na sopo wa mtundu wanji, mu October kukatentha limabwelanso.

Za kuluma nazo n'zomveka. Pusi akakwiya olo akacita mantha, coyamba amamenya na phazi, kucenjeza cabe. Mukamulanda zikhadabo, watsala na mano. Ndipo kulumiwa na pusi n'koipa kuposa kukandiwa, cifukwa mano ake ni oonda monga nsingano, amalowetsa tuzilombo mkati-kati, cilonda n'kutsekeka pamwamba. Dzanja lingatupe tsiku limodzi cabe. Kuno kwathu kumene ciwewe cikalipo, nkhani ya kulumiwa na ciweto si yosekela.

Mwina mudzakamba kuti, "Nanga uja wa ba auntie ku Texas, ali cabe bwino?" Zingatheke. Si pusi aliyense wodulidwa amene amaonetsa mavuto onsewa. Koma dziwani kuti pusi ni katswili wobisa ululu. Galu akapweteka amalila komboni yonse imvele. Pusi amangokhala zii. Amaleka kukwela pa kabati, amagona maningi, safunanso kumugwila kumapazi, ndiye a m'nyumba ati wakula, wakhala wofatsa.

Mwambo uyu ni wa ku America na Canada maka-maka, kumene apusi ambili amakhala m'nyumba moyo wawo wonse. Koma ngakhale kumeneko zinthu zasintha. Mzinda wa West Hollywood unaletsa mu 2003. Los Angeles na San Francisco anatsatila mu 2009. Mu July 2019, New York inakhala state yoyamba kuletsa, bwanamkubwa Andrew Cuomo atasaina lamulo lakuti dokota wocita zimenezi popanda cifukwa ca matenda alipile faindi yofika madola 1,000. Maryland inatsatila mu 2022. Ku Canada, cigawo ca Nova Scotia cinaletsa mu 2018. Ku Britain n'zoletsedwa, maiko ambili a ku Europe cimodzimodzi, ndipo Israel anaika lamulo lake mu 2011, lokhala na cilango cofika caka cimodzi m'ndende. Malamulo amenewa amasiya mpata: ngati cala cili na cotupa, olo cavulala kwakuti sicingapole, dokota angacidule kuti pusiyo acile. Cifukwa ca makatani, iyayi.

So ngati eni ake a fashoni iyi ayamba kuitaya, ise tiitolelenji? Ndipo pusi wa pa Zed umoyo wake ni wina. Kaya muli ku Kabulonga kaya ku Chawama, ambili a ise tinatenga pusi cifukwa ca makoswe a mu siling'i na mu pantry. Zikhadabo ndiye zida zake za nchito. Amagwila nazo khoswe, amakwela nazo mtengo wa mango galu wa aneba akamuthamangitsa, amakwela nazo wall fence. Kumudula zala n'kumutulutsa pa yadi kuli monga kulemba mlonda nchito, n'kumumanga manja kumbuyo.

Ndipo conde, conde, osayesa kucita izi mweka panyumba na pliers olo lezala. Pusi angathe magazi, cilonda cingaole, komanso dziko lathu lili na lamulo loletsa kucitila nyama nkhanza, Prevention of Cruelty to Animals Act. Cinanso, pusi akavulala mwanjila iliyonse, osamupatsa Panadol. Ciwindi cake sicikwanitsa kugaya paracetamol, ndipo piritsi limodzi cabe lingamuphe. M'pelekeni kwa dokota wa ziweto. Mu Lusaka muli makiliniki angapo, kuphatikizapo ya pa sukulu ya madokota a ziweto ku UNZA, ndipo a Lusaka Animal Welfare Society nawonso amathandiza pa nkhani za agalu na apusi.

Pali ena amene nkhawa yawo si sofa, koma mwana wamng'ono, olo wodwala amene citetezo ca thupi lake n'cocepa. Nkhawa imeneyo ni yomveka, cifukwa kulidi matenda amene amabwela na kukandiwa na pusi. Koma kacilombo kake, Bartonella, kamafalikila pakati pa apusi kupitila mu utitili. N'cifukwa cake bungwe la zaumoyo la ku America, CDC, silimalangiza kudula zala olo m'nyumba muli wodwala wotelo. Limati cotsani utitili, osasewela na pusi mwa ndewo, ndipo mukakandiwa sambani pamenepo na sopo na madzi mwamsanga. Mwana naye muphunzitseni kuti mcila wa pusi si cingwe.

Manje sofa ticite nayo bwanji? Coyamba, vomelezani kuti pusi sadzaleka kukanda. Sacita nkhanza, ndipo sakudelelani. Akamakanda amacotsa cikhungwa cakale ca cikhadabo, amawongola msana na mapewa, komanso amasiya fungo lake kucokela pakati pa zala, kukamba kuti pano ni panga. Mukamumenya na patapata adzangophunzila kukanda imwe mukapita ku nchito.

Mupatseni pokanda pake. Simufunika kugula za ku mall. Kalipentala wa pa msika angakukhomeleni thabwa loimilila pa cipika colema, imwe n'kulikulunga zolimba na cingwe ca sisal. Likhale lalitali kuti pusi akaimilila na miyendo yakumbuyo atambasuke thupi lonse, ndipo lisamagwedezeke. Likamugwela kamodzi cabe, sadzaliyandikilanso. Apusi ena amakonda kukanda pansi: amenewo apatseni katoni yolimba, doormat yokakala, olo cikuni cokhala na makungwa ake. Pamene ambili amaphonya ni pa malo. Amaika thabwa lija kuseli kwa nyumba pafupi na matanki, ndiye ati pusi alikana. Liikeni pafupi na kona ya sofa imene amakonda, olo pafupi na pamene amagona, cifukwa pusi amakanda akangouka. Pa kona ya sofayo matanipo selotepu yomata mbali zonse ziwili kwa mawiki angapo. Sakonda zomata ku mapazi. Akakanda pa thabwa lake, m'patseni kapenta kamodzi.

Ku Pet shop zina mumapezeka tuzivalo twa pulasitiki tomata pa zikhadabo, tumene tumakhala mwezi umodzi olo kupitililako pang'ono n'kugwa tweka. Utu ni twa pusi wa m'nyumba cabe, osati wosaka makoswe panja.

Kuwenga kweni-kweni nakonso kumathandiza, pakapita mawiki awili olo atatu. Yembekezani pusi akhute, ayambe kuwodzela pa miyendo panu. Dinikizani cala pang'ono, cikhadabo cidzatuluka. Mukaciyang'ana pa kuwala mudzaona mbali yofiilila mkati: mmenemo muli magazi na mitsempha, osafikako. Dulani kansonga koyela kopindika cabe. Akayamba kugwedeza mcila pambuyo pa zala ziwili, musiyeni apite, zotsalazo mudzatsiliza mailo.