Mmene utolankhani wasinthira m'Malawi

Mu ulamuliro wa chipani chimodzi, nkhani m'Malawi zinkatuluka pakamwa pamodzi. Wailesi inali MBC yokha, yomwe idakhazikitsidwa mu 1964, ndipo Daily Times ndi Malawi News zinali m'manja mwa kampani ya Ngwazi Dr. Kamuzu Banda. Nkhani yotsogolera inkakhala ya Ngwazi: minda imene yayendera, amayi amene aivinira. Chichewa cha pa wailesi chinali chosefedwa bwino, koma za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu sizinkamveka.

Kalata ya maepiskopi a Katolika ya mu Malichi 1992 ndi riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndizo zidamasula lilime. Nyuzipepala zidaphuka ngati bowa wa m'dzinja, zambiri zili za andale, zodzaza mphekesera ndi kunyozana. Chisankho cha 1994 chitadutsa, zochuluka zidafa. The Nation, yomwe Aleke Banda adayambitsa mu 1993, ndi imodzi mwa zochepa zimene zidapirira.

Kusintha kwenikweni kudadza ndi mawailesi omwe si aboma, monga Capital FM ndi Zodiak, yomwe idayamba mu 2005. Mlimi wa kumudzi adayamba kuimba foni pa pulogalamu n'kufunsa phungu wake za mlatho umene adalonjeza. Kubedwa kwa ndalama za boma kwa Cashgate mu 2013 kudalembedwa mosabisa, mpaka maina a oganiziridwa, zomwe kale munthu akadagona nazo kundende ya Mikuyu.

Chimene chikufooketsa utolankhani lero ndi ndalama komanso liwiro. Nyuzipepala sizigulidwa ngati kale, malipiro ndi ochepa, choncho mtolankhani amathamangira msonkhano wa kuhotela kumene mwambo ukatha amasayina pepala n'kulandira chipondamthengo. Nkhani yotuluka kumeneko imangobwereza zimene mlendo wolemekezeka wanena. Wodya za mwini mwambo safunsa funso lopweteka.

Nawo masamba a Facebook ndi magulu a WhatsApp amafalitsa uthenga wa maliro ngakhale achibale asanauzidwe, ndipo nyumba zina zoulutsira mawu zimatola zomwezo osatsimikiza, poopa kutsalira.

Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga m'maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Komabe nkhani zofufuza mwakuya zikadali zochepa, chifukwa zimafuna nthawi ndi ndalama zoyendera, zomwe akonzi ambiri alibe.